Mkaka umene ndinamwetsa mwana wa mnzanga

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni kuchokera kuno ku Pretoria. Umboni wangawu ndimaunena ndi manyazi, chifukwa mwana amene anatsala pang'ono kutisiya ndinamudwalitsa ndine.

Ndimagwira ntchito yapakhomo ku Brooklyn, dera lina la konkuno. Abwana anga amapanga okha yogati: amawiritsa mkaka, ukafunda n'kuthiramo masupuni awiri a yogati wakale. Ndinaphunzira, n'kumapangako ku Sunnyside komwe ndimakhala chipinda chimodzi ndi mayi Nachisale ndi mwana wawo Tadala, wa zaka zitatu. Tsiku lina wakale uja anandithera. Ndinati mkaka wosasa ndi umodzi basi. Ndinathira mkaka wosawiritsa m'botolo longotsukuluza, n'kuliika pawindo masiku awiri. Fungo lake linali lachilendo, ndinalimva ndithu, komabe ndinampatsa Tadala.

Kutacha mwana anayamba kutsekula m'mimba ndi kusanza mpaka maso kulowa. Kuchipatala atafunsa chomwe anadya, ine duu. Masiku atatu ndinkagwada limodzi ndi mayi ake, pakamwa ndikutchula Yesu, mumtima nditabisa botolo lija.

Lamulungu kutchalitchi nyimbo inandikanika. Mayi Kumwenda a m'kwaya mwathu, amene ntchito yawo ndi yoyeza tizilombo tosaoneka ndi maso, anandipeza ndikulira panja, ndipo ndinawaululira. Anandifotokozera kuti m'yogati muli mitundu iwiri ya tizilombo tabwino tomwe timakulira limodzi n'kumathandizana. Timasasitsa mkaka msanga moti toipa timasowa mpata. Mumkaka wangawo tabwinoto munalibe, ndiye munaswana toyambitsa matenda.

"Achemwali, tiyeni mukawauze adokotala lero lomwe," anatero. "Ndikuperekezani."

Ndinanena zonse, mayi Nachisale ali pomwepo. Adokotala anayezanso mwanayo n'kusintha mankhwala, ndipo Lachiwiri Tadala anakhala tsonga n'kupempha buledi. Mayi ake anatha sabata osandiyankhula. Kenako m'mawa wina anandiikira tiyi patebulo.

"Imwani, mungachedwe kuntchito."

Ndinamwa misozi ikugwera m'kapu.

Ndikuthokoza Mulungu pochiritsa mwanayo komanso potsekula pakamwa panga. Mpaka pano ndikamuona Tadala akusewera pamasitepe, mtima umandiwawa ndi masiku atatu amene ndinamusiya akuvutika. Inu amene mukupemphera mutabisa kanthu, musasiye kupemphera, koma mukadzuka pamaondopo pitani mukanene.