Wapita Kukatunga Madzi: Mbiri ya Bambo Fanwell Kamtedza

Malemu bambo Fanwell Jeremiya Kamtedza anabadwa pa 9 Malichi 1958 ku Kandeu, m'boma la Ntcheu. M'banja la ana asanu ndi awiri, iwo anali achitatu. Akuluakulu kwathu amati anali mwana wa maloto. Akawatuma kubusa, mbuzi zinkabwerera zokha kumudzi, eni ake n'kukawapeza pansi pa mtengo wa masuku akuyang'ana mitambo.

Sukulu ya pulayimale anaphunzira komweko, ya sekondale ku Dedza, ndipo anamaliza mu 1978. Mu 1980 boma linawalemba ntchito mu ofesi yoona za chisamaliro cha anthu. Anayambira ku Nsanje, kenako ku Salima. Mu 1985 anamanga banja ndi mayi Lonely mu mpingo wa CCAP. Mu 1991 anatumizidwa kuno ku Mangochi. Pobwera ankati adzangokhala zaka ziwiri. Koma nyanjayi inawagwira mwendo, mpaka anamanga nyumba kuno ku Nkopola, kumene tasonkhana leroku.

Ntchito yawo inali ya ana olakwira malamulo. Ankayendera zitokosi za apolisi kuona ngati mwana sanatsekeredwe pamodzi ndi akuluakulu. Ankapalasa njinga mpaka ku Nkope kukafunsa makolo, ashehe ndi aphunzitsi za makhalidwe a mwana, kuti bwalo la milandu lisagamule lisanamudziwe mwanayo. Ankapempha bwalo kuti ana ambiri abwerere kwawo, iwo n'kumawayendera. Koma bwalo likagamula kuti mwana apite kusukulu yosinthira khalidwe ku Zomba, nthawi zambiri womuperekeza ankakhala bambo Kamtedza.

Anamfedwa, pepani, mumasuke kuseka, chifukwa eni ake akanaseka. Malemuwa ankatchuka ndi tulo ta m'basi. Anzawo poperekeza mwana ankamuika kuwindo, dzanja lili pa lamba wa kabudula, maso ali tcheru. Iwo ayi. Ankakhala kuwindo okha, mwana n'kumuika kumbali ya khomo, n'kumupatsa chikwama chawo kuti afungate. Akatero ankati, "Undidzutse pa Liwonde, mwana wanga," n'kuphimba nkhope ndi chipewa. Basi isanatuluke m'tauni, mkonono wayamba. Makondakitala ankagwedeza mitu. Ana aja ankafika ku Zomba atakumbatira chikwama ngati khanda, ena akulimbana ndi anthu oponda phazi la bwana wawo.

Akadzuka ankawafotokozera anawo zomwe alota. Loto lawo linali limodzi lokhalokha, longosintha pang'ono. Ankalota basi ikuyenda pamwamba pa nyanja, yodzaza ndi ana, mawindo onse ali otsegula. Pa doko lililonse mwana mmodzi ankatsika, mayi ake atamudikirira ndi nsalu yatsopano. Ena mwa ana aja muli pano, muli ndi ndevu tsopano, ndipo lotoli mukulikumbukira.

Mu Okutobala 2002 anaperekeza mnyamata wa zaka khumi ndi zinayi, Jaffalie wa ku Nkope, amene anaba ukonde wa mwini bwato n'kukagulitsa. Kunkatentha moopsa. Basi itaima pa Ulongwe, mwana uja anawagwedeza, n'kunena kuti ali ndi ludzu. Iwo anamupatsa botolo lopanda kanthu, namulozera mjigo umene unkaoneka kuseri kwa magolosale. Chikwama mwanayo anachisiya pampando. Basi inaliza hutala, inalizanso, kenako inapita. Bambo Kamtedza, amene anali atatsika kuti amudikire, anatsala pansi pa mtengo wa mango, chikwama chili pamwendo, akuyang'ana njira ya kumjigo. Mwana sanabwere.

Nkhani inakula. Akuluakulu a ntchito anawaitana, ndipo sitingawaimbe mlandu, chifukwa mwana wa boma anali atasowa m'manja mwa munthu wa boma. Anawauza kuti anene poyera kuti mwanayo anathawa, kuti asakidwe. Malemuwa ankadziwa kuti mwana wogwidwa atathawa mlandu wake umalemera. Anayankha kuti iwo anena zokhazo zimene anaona ndi maso: mwana wapita kukatunga madzi. Anawafunsa kawiri, katatu, yankho linali lomwelo. Udindo umene ankayembekezera unapita kwa wina. Anyamata amene iwo anawaphunzitsa ntchito anakhala mabwana awo.

Mawu aja anasanduka nthabwala m'maofesi a pa boma. Munthu akabwereka njinga n'kusowa nayo, ankati wapita kukatunga madzi a Kamtedza. Iwo ankaseka nawo, koma ife a pabanja tikudziwa kuti zinkawapweteka. Udindowo sunkawadandaulitsa kwenikweni. Chinkawadya mumtima n'chakuti mwina anamutaya mwana wa eni ndi chifundo chawo chomwecho. Nthawi iliyonse akamadutsa pa Ulongwe ankasuntha chipewa pang'ono n'kusuzumira kumjigo kuja. Komabe ana onse amene anawaperekeza pambuyo pake ankawaikabe kumbali ya khomo.

Mayi Lonely atipempha kuti tiulule chinthu chimodzi. Akuti kunyumba amuna awo anali munthu wa tulo topepuka, nkhuku ikangokupiza mapiko m'khola iwo adzuka kale. Atawafunsa za tulo ta m'basi, anayankha kuti, "Mayi, ana amenewa aliyense amawalondera ngati akuba. Ndimafuna tsiku limodzi alondereko munthu." Tsono ngati mkonono uja unali weniweni kapena ayi, ife sitikudziwa.

Anapuma pa ntchito mu 2018. Mu 2021 anawapeza ndi matenda a shuga komanso kuthamanga kwa magazi. Mu Juni chaka chino anafa ziwalo mbali ya kumanja, ndipo anagonekedwa pa chipatala cha boma. M'masiku amenewo ankakhala ngati ali pa ulendo. Ankagona, n'kutsegula maso, n'kufunsa ngati tafika pa Ulongwe. Tikati ayi, ankati tiwauze adalaivala asafulumire, pali mwana amene watsika.

A Abudu, amene amayendetsa kabaza pa msika, nawonso anaperekezedwapo ku Zomba ndi malemuwa ali mwana. Atamva mawu amenewa anafunsafunsa mwa asodzi za mwana wa pa Ulongwe uja, uthenga n'kuwoloka nyanja mpaka ku Mozambiki. Lachitatu lapitali masana, mu wodi munalowa bambo wina wamtali, wovala kanzu, wa manja okhakhala ngati a anthu okhoma mabwato. Anagwada pambali pa bedi, natulutsa botolo la madzi m'thumba, n'kunena m'Chiyao chake kuti, "Mesi, baba."

Malemuwa anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anamwetulira ndi mbali imene inkagwirabe ntchito, n'kunena kuti, "Wachedwatu, Jaffalie. Basi yatisiya." Anamwa madziwo pang'onopang'ono, Jaffalie atawachirikiza mutu. Kuyambira pamenepo sanafunsenso za Ulongwe. Anatisiya Loweruka m'mawa, pa 12 Julaye 2025, ali ndi zaka 67.

Asiya mayi a kunyumba, mayi Lonely Kamtedza, ana atatu, a Mtisunge, a Edward ndi a Linda, zidzukulu zisanu, ndi alongo awo awiri ku Kandeu. Asiyanso ana ena ambiri amene mayina awo sitingawamalize.

Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino, abusa ndi amayi a Mvano, mafumu, anzawo a ku ofesi, ndi abale athu a ku mzikiti amene akhala nafe chigonere kuyambira tsiku loyamba. Mulungu akubwezereni pamene mwachotsa.

Pomaliza, a Jaffalie apempha chinthu chimodzi, ndipo banja lavomera. Pa galimoto yopita kumanda akhala pambali pa bokosi, kumbali ya khomo, atafungata chikwama chija. Akuti ulendo uno satsika panjira.

Bambo Kamtedza, lero gonani tulo teniteni. Wokulonderani ali pambali panu, ndipo Wodzakudzutsani alipo. Mzimu wanu uuse mumtendere.