Njinga Ziwiri Zofanana

Malemu a Vitorino Likwata anabadwa pa 9 Marichi 1994 kuno ku Chiuta. Tsikuli andiuza ndi a katekista, ine pepala sindilidziwa. Chomwe ndikukumbuka, tinali titangobwerako ku Malawi kothawa nkhondo, nyumba isanafoleredwe. Amayi awo, mwana wanga Natália, anamwalira iwo akukwawa. Ndinawalera ndine, gogo wawo.

Mu 2001 anayamba sikola, nalekezera kalasi yachisanu. Ndinkawaletsa kunyanja, ndinkawaletsa kunjanji ya komboyo, sitima ija. Ankamvera.

Mu 2016 anamanga ukwati m'kapela yathu ndi mayi Madalena. Ntchito yawo inali yopikula nsomba zouma n'kukagulitsa ku Entre Lagos panjinga. Ankayenda ndi a Edgar, mnzawo wa m'kwaya. Njinga anagula tsiku limodzi, zakuda zonse, madengu ofanana. Ndinanena ine kuti wina amange kansalu pa yake. Anandiseka.

Pa 3 Juni chaka chino, pamsika, malemu anakwera njinga ya a Edgar poyesa ndi yawo. A Edgar anangoona msana wa munthu akupita ndi katundu wawo, nakuwa kuti wakuba. Anthu sanafunse. Pamene a Edgar ankafika n'kuona nkhope, malemu anali pansi, atapondedwa pachifuwa. Ana inu, liwu limenelo musamalitulutse musanaone nkhope. Silibwerera.

Anagonekedwa kuchipatala ku Mecanhelas, kenako ku Cuamba, akutsokomola magazi. Atalandira mafuta a odwala, anandigwira dzanja nanena kuti a Edgar awakhululukira, ndipo aliyense wowachita choipa a Edgaryo asadzayime pamanda a malemuwa. Anatisiya pa 21 Juni.

Tsono mundimvere. Ine ndimaona. Inu a Domingos, achimwene a malemu, ndakuonani dzulo kuseri kwa kapela ndi anzanu, ndipo botolo la gazolina lija, la petulo, ndalionanso. M'nyumba ya a Edgar mumagona ana atatu. Udzu wouma sudziwa wolakwa. Nkhondo ija ndinaiona ikuyamba chomwecho, nyumba ndi nyumba, mpaka tinasowa wotiyikira maliro. Ife ndife Akhristu. Ambuye anakhululukira owakhomera misomali ali pamtanda pomwepo, sanadikire kuti ululu uthe.

Musandifunse za mtima wanga. Mulibe kanthu. Mkwiyo ndaufuna, mulibe, misozi mulibe. Kaya kukhululuka kumamveka bwanji, sindikudziwa. A Padiri akuti ndiyambe ndi pakamwa, mtima utsatira.

Malemu asiya mkazi, ana awiri, Anifa ndi Conceição, achimwene awo, ndi ine amene ndinayenera kutsogola.

Tikuthokoza a Padiri, a katekista, akwaya, adzukulu okumba manda, ndi abale athu Achisilamu a kugombe amene anapereka matabwa a bokosi. Watsala mmodzi. Amene anawanyamula pamsika paja, nawachezera kuchipatala mpaka tsiku lomaliza, ndi a Edgar, akhala kumbuyo uko okhaokha. A Edgar, zikomo. Ndakhululuka. Ndanena pamaso pa Mulungu ndi pa anthu. Sunthirani kuno, mugwire bokosi la mnzanu. A Domingos, inu mugwire mbali inayo.

Mzimu wa a Vitorino uwuse mumtendere.