A Sylvester Mbewe ndi Gasi wa M'firiji

Abusa, mafumu, ndi inu nonse mwabwera kudzalira nafe:

Malemu a Sylvester Mbewe anabadwa pa 9 Meyi 1968 m'mudzi wina kufupi ndi Mkaika. Sukulu analekezera Giredi 9, bambo awo atamwalira. Mu 1987 anapita ku Chipata kukaphunzira kukonza mafiriji, ndipo mu 1993 anamanga banja ndi mayi Winfrida Sakala mu mpingo wa Reformed.

Anatsegula kashopu kuseri kwa msika wa Katete. Nthawi imeneyo mafiriji ankayendera gasi uja amati R-12. Malemu ankamukhulupirira gasiyu poti sayaka, sanunkha, saoneka ndi maso. Akamuthira m'mapaipi, nyama ya m'mabutchala a ku Sinda sinkaola, katemera wa ana ku Vubwi sankawonongeka. Zala za malemu zinali zipsera zokhazokha, chifukwa gasiyu akadonthera pakhungu amawotcha ndi kuzizira kwake, koma sanadandaulepo.

Pofika 2010 gasiyu anali ataletsedwa, poti amawononga mpweya wakumwamba umene umatitchinjiriza ku ukali wa dzuwa. Koma mafiriji akale anatsala m'makomo, ndipo malemu sankadziwa kubweza munthu.

Pa 14 Okutobala 2023, mayi ena amasiye ogulitsa thobwa lozizira anabweretsa firiji yawo yakale. Kunja kunali fumbi, choncho malemu anatseka chitseko n'kuyamba kuwotcherera paipi, poganiza kuti gasi anathamo. Sanathemo. Gasi ameneyu akakumana ndi moto amasanduka poizoni. Malemu anatuluka m'shopumo akutsokomola, anabwereramo kukatsiriza ntchito, ndipo kunyumba anawauza mayi Winfrida kuti n'chimfine chabe. Chonsecho mapapo anali atapsa.

Tinayenda nawo m'zipatala, osaphula kanthu. Munthu amene ankasenza firiji yekha anafika polephera kukoka mpando. Pomaliza ankangotiyang'ana, mawu osatuluka. Anatisiya pa 3 Febuluwale 2024.

Asiya akazi awo, alamu athu akulira apowa, ana anayi, Olivia, Collins, Esther ndi Alick, ndi zidzukulu zitatu. Asiyanso m'shopu mafiriji a anthu. Eni ake mudzatenge. Ife sitidziwa kuti ndi ati ali ndi gasi uja, ndipo palibe wa ife amene adzawakhudze.

Tikuthokoza madokotala ndi anamwino, amayi a Chigwirizano, adzukulu, ndi anzawo a pamsika amene agula bokosi. Mayi a thobwa, musabisale kumbuyoko. Banja silikukuimbani mlandu.

Achimwene, kuno kupuma kunakuvutani. Kapumeni mumtendere.