Alamu anga anafufuta dzina langa

Aulutsi, ndiwelengeleni kalata iyi, ndakwiya.

Ndine mphunzitsi kuno ku Nyimba. Ndinatenga pulogalamu ya m'foni yaulele pa intaneti, n'kuimasulila m'Chinsenga, n'kuonjezela zokumbutsa alimi masiku opopela thonje. Eni ake amalola aliyense kuisintha ngakhale kuigulitsa, bola maina a olemba asachotsedwe. Inenso ndinaigawa motelo, dzina langa lili pansi pa awo.

Dzulo ku Petauke ndinaiona m'foni ya mlimi wina. Maina onse anafufutidwa, pali la alamu anga, amene akuigulitsa! Nditawafunsa, anangoseka n'kuti, "Alamu, chaulele chilibe mwini."

Chaka chathunthu ndinavutika nayo, lelo ilibe mwini?

Alamu, ndikudziwa mukumvetsela. Gulitsani, palibe akukuletsani, koma bwezelani maina athu. Mlimi uja akuti masiku ena akusokonekela. Mukonza bwanji chinthu chimene simunalembe?