Pasipoti ndinaipeza, mawu ndinalibe

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, abale ndi alongo, ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye. Mukundidziwa. Ndine mphunzitsi uja amene ndimakhala benchi yakumbuyo, n'kutuluka nyimbo yomaliza isanathe. Kutsogolo kuno sindinaimeko. Lero ndikufuna kuchitira umboni. Koma ndinene msanga, umboni wangawu si wa nthungululu. Amene mwakonza kale manja kuti muwombe, yambani mwadikira.

Zinayamba Lachinayi, pa 11 Ogasiti 1994, nthawi ya 10 koloko m'mawa. Ana anali atatuluka kukapuma. Ndinaona mlamu wanga, a Alimando, ataima pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi nyumba za aphunzitsi, chipewa chili m'manja. Munthu akakuvulira chipewa usanafike n'komwe, dziwa kuti nkhani wabwera nayo yatha kale kugamulidwa.

Achinyamata simungadziwe, ndifotokoze pang'ono. Nkhondo itakula ku Mozambique, anthu anathawira kuno ambirimbiri. Ena anafika pa khonde la mayi anga ku Mkhumba. Pakati pawo panali a Alimando ndi mlongo wawo Felista. Felista ameneyo ndinamukwatira. Anaphunzira Chichewa chifukwa cha ine. Tinabereka mwana mmodzi, Rozina. Mwanayo ali ndi zaka zisanu, mayi ake anadwala, n'kutisiya. Tinawaika m'manda a kwathu.

Ndiye tsiku limenelo a Alimando anati, "Alamu, mwamva pa wailesi. Nkhondo yatha. Maboma awiri agwirizana kuti tibwerere kwathu. Malole akubwera Loweruka."

Ndinati, "Ndamva. Muyende bwino."

Anati, "Rozina tipita naye."

Abale, mwambo wathu mukuudziwa. Mwana ndi wa kuchikazi, mwini wake ndi malume. Tinakhala pansi ndi ankhoswe. Nkhoswe yanga yomwe inandiuza kuti, "Aphunzitsi, anapiye amatsata thadzi, satsata tambala." Ndinati, "Thadzi lafa." Anati, "Khola lake lilipo." A Alimando anawonjeza kuti, "Mlongo wanga mwamusunga m'nthaka yanu. Ndikafike kwa mayi manja lendee? Ndikawaonetse chiyani?" Sindikuwanena zoipa. Nawonso anali ndi chilonda chawo.

Loweruka ndinamukweza ndekha pa lole. Anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Anandifunsa kuti, "Ababa, inu mukwera liti?" Ndinati, "Ndikubwera m'mbuyo. Ndikangotenga pasipoti, ndikupeza." Ndinanena ndi mtima wonse. Ndinkaganiza kuti ndi nkhani ya mwezi umodzi.

Taonani zimene zinachitika. Pamene maboma awiriwa ankayang'anizana ndi diso lofiira, ine ndinapeza banja. Atagwirana chanza, nyumba yanga inatsala ndi munthu mmodzi. Wailesi inkanena za ubale wa mayiko awiri m'mawa ndi madzulo. Ine ndinkaizimitsa.

Sukulu itatsekera ndinapita mu mzinda, ku ofesi yopereka mapasipoti. Ndinavala jekete. Bambo amene ndinamupeza pa tebulo anali waulemu, sindinganame. Anandifunsa kumene ndinabadwira. Ndinati ku Phalombe. Anafunsa kumene anabadwira bambo anga. Ndinati, "Kuseri kwa malire. Anabwera ali mwana, makolo awo akuthawa ntchito yokakamiza." Anafunsa za mayi. Ndinati chimodzimodzi. Anaika cholembera pansi.

Anati, "Bambo, pamenepa pafunika umboni woti ndinu nzika."

Ndinati, "Ndimaphunzitsa ana a boma, ndimalipidwa ndi boma, chaka chino ndavota."

Anati, "Ndikumva. Koma lamulo likufuna mboni zimene zinawaona makolo anu akukhala m'dziko muno kuyambira kale."

Mumve bwino, abale. Theka la mpingo uno, tikafukula, agogo athu anachokera komweko. Si choncho? Inu amayi mukugwedeza mutu, mukudziwa. Koma palibe amene anakufunsanipo, chifukwa simunapemphepo pasipoti.

Nditabwerako ndinadutsa pamsika kwa a Namakhwa, okonza njinga aja, ndi awo akhala pafupi ndi zenera. Nditawafotokozera anaseka mpaka sipanala inagwa. Anati, "Aphunzitsi, sukulu inakuphani! Mukanangoti bambo anabadwira ku Mkhumba, ndani akanakafukula manda kuti awafunse? Ndipo pasipoti ya chiyani? Ine pasipoti yanga ndi iyi." Anamenya chishalo cha njinga. Anthu onse pamenepo anaseka. Ine sindinaseke.

Njira za m'tchire ndinaziganizira. Koma masiku amenewo kunali mabomba okwirira pansi, ndipo abale a mkazi wanga sankakhala pafupi ndi malire. Kwawo kunali m'kati kwenikweni, kutali, kumene popanda mapepala sungadutse pa zipata za apolisi. Ndinayesapo kamodzi ndi chiphaso cha tsiku limodzi. Ndinafika pamene chiphasocho chimalola, ndinaima, ndinayang'ana msewu, ndinabwerera.

Ndiye ndinayamba kusaka mboni. Bambo anga anali atamwalira kale. Mayi anga anamwalira nkhaniyi ili m'kati. Nkhalamba imodzi imene inkathyola tiyi ndi bambo inavomera kuti ikandichitira umboni, koma mvula ya chaka chimenecho isanathe, tinakaiika. Ina ndinaipeza itasokonezeka mutu, inkanditchula dzina la bambo anga n'kumandifunsa ngati kapitawo wafika. Nkhani yanga inatumizidwa ku likulu. Ku likulu anafuna zikalata zina. Ndikapeza zimenezo, zoyamba zija zatha ntchito. Ndinkapita, ndinkabwera. Ndinkapita, ndinkabwera. Jekete lija linathera m'mabasi.

Nthawi yonseyi za Rozina ndinkazimva mwa apo ndi apo, kwa anthu ogulitsa nsomba zouma amene amaoloka ndi njinga. Wina ankati ali moyo. Wina ankati anasamuka. Wina ankati sakuwadziwa. Ndinatumizako diresi kawiri. Sindikudziwa ngati linafika.

Abusa, inu munali musanabwere. Panali zaka zina zimene sindinkalowa m'nyumba muno. Sindinapite ku mowa, sindinapite kwa asing'anga. Ndinkangokhala. Lamlungu ndinkamva belu ndili pakhonde. Ndinkapemphera pemphero limodzi lokha, ndipo silinali labwino: "Ambuye, ngati mwanayo sindidzamuonanso, mundiiwalitse." Sanandiiwalitse. M'kalasi iliyonse munkakhala kamtsikana kamodzi ka msinkhu wake, ndipo msinkhuwo unkakula chaka ndi chaka. Ndinamuona akukula pa nkhope za ana a anthu ena.

Chaka chatha mboni inapezeka. Anali mayi wokalamba wa ku Thyolo amene anabatizidwa tsiku limodzi ndi mayi anga, ndipo mutu wake unali bwinobwino. Anandilankhulira. Chaka chino, 2003, ndinalandira pasipoti. Ndinaitsegula pa khomo la ofesi. Munthu wa pa chithunzicho anali wa imvi. Ndinakadinditsa viza, ya masiku ochepa, ndipo mwezi wathawu ndinanyamuka.

Za ulendo sindinena zambiri. Basi, lole, kenako miyendo. Pafupi ndi malire anthu ankamva Chichewa. Ndikamalowa m'kati, Chichewa chinkachepa, mpaka chinatheratu. Ndinkangotchula dzina la mudzi ndi la a Alimando, anthu n'kumaloza ndi dzanja.

Ndinafika masana. Pabwalo panali amayi angapo akusenda chinangwa. Ndinaima. Nkhope sindinazindikire ngakhale imodzi. Ndiye ndinayang'ana kumapazi. Rozina ali wamng'ono ndinkamukweza pa kaliyala, ndipo tsiku lina phazi lake linalowa m'masipoko a njinga yanga. Chinatsala chipsera chachitali pa chidendene chakumanzere. Chipsera chimenecho ndinachiona. Mwini wake anali mtsikana wamtali, atabereka khanda kumbuyo.

Ndinati, "Rozina."

Anadzuka. Anandiyang'ana ngati mmene mumayang'anira munthu wa kalembera. Analankhula kanthu kwa anzake, n'kulowa m'nyumba. Anatuluka ndi madzi m'chikho, anagwada patali, n'kundipatsa ndi manja awiri. Ulemu wonse wa mlendo.

Ndinati, "Mwanawe, ndine bambo ako. Ndabwera."

Sanamve. Abale, sanamve. Chichewa chonse chija, chimene ankandivutitsa nacho ndi mafunso kuyambira m'mawa, chinatha. Amalankhula Chilomwe ndi Chipwitikizi. Ndipo ine, mwana wa Alomwe mbali zonse ziwiri, Chilomwe sindichidziwa kupatula moni. Bambo anga anatiletsa. Ankati, "M'nyumba muno Chichewa basi, ndatopa kusekedwa." Kusukulu amene ankachilankhula tinkawaseka. Ndinaphunzira Chingerezi, ndinakhoza mayeso. Zaka zonse zija ndinkakonza mapepala. Sindinaganizepo n'kamodzi komwe kuti ndikonze pakamwa.

M'mudzi monsemo munthu wodziwa Chichewa anali mmodzi yekha: a Alimando. Anabwera kuchokera kumunda. Anandilandira bwino, anapha nkhuku. Anati, "Alamu, mwakalambatu! Ife tinkati munakwatira wina, munatiiwala." Tinakhala pa mkeka, ine uku, Rozina uko, iwo pakati.

Ndinalankhula. Ine amene mumati sindilankhula, tsiku limenelo ndinalankhula. Ndinanena za ofesi, za mboni zimene zinkamwalira, za msewu umene ndinauyang'ana n'kubwerera. Ndinati, "Mumuuze kuti sindinamutaye. Ndinamulonjeza pa lole paja kuti ndikubwera m'mbuyo, ndipo palibe tsiku limene ndinasiya." A Alimando anatembenukira kwa Rozina, n'kunena mawu ochepa, mwina anayi basi. Rozina anagwedeza mutu, akuyang'ana pansi.

Ndinati, "Alamu, mwanena zonse?"

Anati, "Chilomwe n'chachidule, alamu."

Ndinafunsa kuti, "Nanga iye akuti chiyani?"

Anati, "Akuti zikomo."

Sindikudziwa chimene anamuuza. Mwina ananena zoona mwachidule. Mwina anangoti mlendoyu watopa ndi ulendo. Mwina anaopa kuti ndabwera kudzamutenga. Sindikuwaweruza, anamulera ndi iwo, ndipo ndinamva Rozina akuwaitana ndi mawu amene ana ena onse pamenepo ankaitanira bambo awo. Koma chinthu chimodzi chokha chimene ndinanyamula kuchokera kuno, chimene ndinadikira nacho zaka zisanu ndi zinayi, sindikudziwa ngati chinafika.

Ndinakhalako mpaka viza itatsala pang'ono kutha. Ndinkamuona akutunga madzi, akusinja, akuyamwitsa. Mwamuna wake ndi mnyamata wofatsa, amasoka matayala. Tsiku lonyamuka ndinaloza chidendene chake, kenako ndinadziloza pachifuwa, n'kuzunguza manja ngati gudumu la njinga. Anayang'ana phazi lake, anandiyang'ana ine. Anaseka pang'ono. Kaya anakumbukira, kaya anangoona nkhalamba ikuchita zoseketsa, sindikudziwa. Kenako anamasula khanda lija n'kundipatsa. Ndinalinyamula. Linandikodzera pa jekete langa latsopano. Amayi onse anaseka, ndipo ine ndinalira pamaso pa anthu osandidziwa.

Umboni wanga ndi umenewu. Mwana wanga sanabwere nane, ndipo sadzabwera. Ali ndi dziko lake, nyumba yake, ndi munthu amene amamutcha bambo. Zaka zimene zinapita, palibe ofesi imene ingazidinde kuti zibwerere. Ndikanena kuti mtima wanga wachira, ndinama m'nyumba ya Mulungu.

Koma ndikuthokoza. Ndinapempha kuti andiiwalitse, anakana, ndipo chifukwa anakana, ndamuona mwana wanga ndi maso anga. Ali moyo. Akuyenda ndi mapazi onse awiri. Ndanyamula mdzukulu. Kwa inu zingaoneke zochepa. Kwa ine n'zimene ndili nazo. Ndiye ngati mungathe kukondwera ndi munthu amene walandira zochepa, kondwerani nane. Tsopano manja aja mutha kuwomba, koma pang'ono.

Ndimalize ndi ichi. Ndinafika kunyumba madzulo. M'mawa mwake ndinaika pasipoti m'sutikesi, ndinatenga kampando, n'kupita kumsika. A Namakhwa anali akumata chubu. Anati, "Aa, bwana a pasipoti! Mwabwerako ku ulaya? Njinga ili kuti?" Ndinati, "Sindinabwere ndi njinga. Ndabwera kusukulu. Mundiphunzitse Chilomwe." Anafuna kuseka, koma atandiyang'ana anasiya. Anapukuta manja. Anati, "Pa msinkhu wanuwo lilime linauma kale, aphunzitsi. Chabwino. Tiyambe ndi moni?"

Ndinati, "Ayi. Moni ndimaudziwa. Mundiuze mmene amanenera kuti, sindinakutaye."

Ananena. Ndinabwereza, ndinalakwitsa. Ananenanso. Ndinalakwitsanso. Anati, "Khalani pansi." Ndinakhala.