Ndinagonja pa mtengo wa mwendo wanga

Anzanga omvera, ine ndimagwira ntchito m'sitolo ya feteleza ku Chamama. Mwendo wanga unapuwala ndi poliyo, ndipo ndikasenza matumba nyengo yozizira umawawa mpaka ndimajomba. Abwana atandichenjeza kachiwiri, ndinapita kukanenerera ngati pamsika, poti ndilo luso langa.

"Bwana, dulani malipiro, ntchito yokha ndisiyireni."

Iwo anaseka. "Achimwene, inu osatsitsa mtengo, lero mukudzigulitsa motchipa chonchi? Bwanji osanena kuti matumba akukupwetekani? Asiyeni. Khalani pampando muzilimbana ndi makasitomala, pakamwa panu mpabwinobwino. Mwendo ukavuta, muziimba foni."

Ndinatuluka misozi ikulengeza. Kanali koyamba kuti munthu andigonjetse ponenerera, ndipo mpaka lero ndikumuthokozabe.