Kutentha Kozizira kwa Dr. Nilza Arsenio

Malemu Dr. Nilza Arsenio anabadwa pa 9 Ogasiti 1984 ku Milanje, m'dziko la Mozambique. Nkhondo itafika povuta mu 1987, mayi awo, a Alefa, anaoloka nawo pa Muloza ali kumsana, nadzakhazikika kuno ku Limbuli, n'kumathyola tiyi kuesiteti.

Sukulu anayamba mochedwa, mu 1994 itakhala yaulere, koma mutu unali wakuthwa. Mu 2006 anasankhidwa kupita kuyunivesite ku Zomba. Anamanga banja ndi a Elson mu 2012, ndipo chaka chotsatira ananyamuka ulendo wa ku Japan, komwe anatenga udokotala wa sayansi mu 2018.

Ntchito yawo ndiifotokoze monga anatiuzira ife amalume awo. Magetsi akamayenda m'waya, ena amatayika panjira. Koma pali timiyala topangidwa ndi kopa ndi okosijeni, tomwe tikazizira kwambiri magetsi amadutsamo osatayika n'pang'ono pomwe. Tinthu tonyamula magetsi, totchedwa maelekitironi, mwachibadwa timakankhana, koma m'timiyalamo timayenda tiwiritiwiri. Chimatigwirizanitsa n'chiyani? Akatswiri a dziko lonse akutsutsanabe, ndipo pamtsutsowo mwana wathu akayankhula, anzawo ankatchera khutu.

Pachizungu timiyalato amatitchula kuti n'ta kutentha kwambiri. Mayi awo atamva anasowa mtendere, mpaka anakapempha amayi a mpingo kuti apempherere mwana wawo amene akupsa m'ng'anjo kunja. Tinaseka titadziwa kuti kutenthako n'kuzizira koti chisanu cha m'phiri mu Juni n'chamasewera. Akatswiriwo amangotero poyerekeza ndi zitsulo zina zofuna kuzizira koposa apo.

Komabe mayi sanasiye kuwaitana kuti abwerere kumudzi, ndipo malemu analonjeza kuti adzabwera yankho likadzapezeka. Zaka zinkapita, mayi akukalamba, yankho osaoneka.

Mu 2022 malemu anapezeka ndi khansa, koma anagwirabe ntchito molimba mtima. Mu Meyi chaka chino cha 2024 mphamvu zitayamba kutha, anasiya kafukufuku m'manja mwa ophunzira awo, nakwera ndege. Atisiya pa 3 Julayi, m'nyumba ya mayi awo.

Asiya amuna awo, ana awiri, Millie ndi Pilato, komanso mayi awo. Tikuthokoza amfumu, a mpingo, adzukulu ndi anzawo a ku Japan amene atumiza chipepeso. Tikulira, inde, koma tikunyada. A Alefa, yankho silinapezeke, koma mwana wanu sanalidikirire, anasankha kubwera kwa inu. Mzimu wawo uuse mumtendere.